Wochokera Kunyanja

M'mawa uliwonse tambala amakhala wina.
Wa dzulo anali wa mawu osasa;
uyu wa ku Baramahamay akulira ngati pali amene ali naye ngongole.
Ndadzuka, mutu wagunda denga monga mwa masiku onse,
ndapita kutsogolo kukafunsa nangula
ngati wagona pomwe tinamusiya.

Mayi Ingunn, mwini ngalawa, amayamba ndi kuwerenga madzi.
Osati a m'nyanja, amenewo satha,
koma a m'thanki: makapu asanu aliyense mpaka dzuwa lilowe,
theka la kapu lotsukira mano.
Mbale timatsukira amchere,
sipuni iliyonse ili ndi dzimbiri lakelake.
Pachingwe malaya anga aumirira ngati chikopa cha mbuzi.
Thanga linang'ambika Lachiwiri; ine ndikulisoka,
singano ikusoka ine.

Kenaka mabwato.
Amafika mwakachetechete, nkhafi zikungonong'ona,
ngati anthu odzazonda wodwala.
Mbotizara wabweretsa uchi m'botolo la mafuta ophikira,
njuchi imodzi itamiramo, mboni yoti sanathiremo shuga.
Ndalama sakuzifuna. Angagule nazo chiyani
sitolo ili pa mtunda wa masiku awiri a mphepo yabwino?
Akufuna mbedza khumi, ulusi wolimba,
ndi magalasi a apongozi ake
amene saonanso diso la singano.
Tombozandry wakweza nkhanu yomanga ndi luzi,
ikuchita thovu ndi mkwiyo,
iye maso ali pa chingwe chathu chakutha chija:
chikwana ng'ombe yake ya linunda.

Ine ndili pakati. Lilime langa ndi mlatho,
uku Chifalansa chothyokathyoka, uku mawu amene ndinayamwa,
ndipo mlatho amauponda onse.

Masana madzi ataphwa tatsikira kumtunda,
matope lekeza m'maondo.
Nthaka ikuyendabe pansi pa mapazi anga,
miyendo yakana kukhulupirira kuti tafika.
Kamwana kokhala pa bwato lovundikira kakutiloza,
kakufuulira amake kuti kwabwera azungu awiri.

Awiri!
Ine Jaovelo,
amene mchombo wanga uli pansi pa mtengo wa mango
magombe atatu okha kuchokera pano,
amene ndinadziwa kupalasa ndisanadziwe kabudula.
Ndaseka nawo.
Koma kusekako kwaima pakhosi ngati munga wa nsomba.

Pachitsime amayi aleka nkhani yawo pakati,
asuntha ndowa, andipatsa malo patsogolo.
Ulemu wotere ndimaudziwa:
nanenso ndinkaupereka kwa otsika m'ngalawa zoyera.
Zigubu zinayi ndadzaza, wosandinyoza ndi mmodzi yemwe,
wosandifunsa kuti ndikwatira liti.

Madzulo ndi mpunga, nkhanu ija, ndimu lofinyira.
Mayi Ingunn akulemba m'buku lawo:
mphepo, kuya kwa madzi, mtundu wa matope,
dzina la mudzi molakwika.
Sindikuwakonza. Mudziwo ukudzidziwa wokha.
Mphemvu yathu yatuluka kuseri kwa kampasi;
yaona magombe ambiri kuposa atate anga.

Kumtunda nyali zatsala zitatu,
kenaka imodzi,
kenaka galu yekha.
Ngalawa ikuzungulira nangula wake
ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo,
mudzi ukubwera pazenera, ukuchoka, ukubweranso.

"Mawa masana tidutsa kwanu," akutero ali gada, maso pamlongoti.
"Tiime?"
Ndayankha kuti tione mphepo.

Koma atagona ndatsegula kabokosi ka zosinthanitsa,
ndapatula mbedza khumi, sopo, mabatire awiri,
ndi magalasi aja a chogwirira chofiira,
ndakulunga m'malaya ouma mchere aja.
Mayi anga nawonso ali ndi ming'oma ya njuchi.
Sindikudziwa ngati adzandidikira pagombe
kapena adzapalasa kudza kuno, botolo lili m'manja,
kudzafunsa mtengo.